Mwana Amene Anasowa Ali Kumsana

Panali mayi wina wa ku Golomoti, dzina lake Anjelina. Amene anandisimbira nkhaniyi akuti analipo tsikulo, ndipo chiimvereni ndakhala ndikudzifunsa: kodi mwana amatsika liti kumsana? Ndimamva kuti anzathu a m'tauni nawo amakangana za chikuku chija amakankhiramo ana kumalo a masewera. Kwathu kuno chikuku chathu ndi chitenje.

Anjelina anali ndi mwana mmodzi, Luka, wa zaka zitatu ndi miyezi ingapo. Kamwanako kanali kochangamuka. Kankatsatira amake mpaka kumunda wa mpunga ku Bwanje osalira, moti Anjelina ankadzitama paliponse kuti wake ndiye anasiya kuberekedwa kalekale.

Litafika tsiku la magule ku Mua Mishoni, anavala diresi yatsopano imene telala anaimaliza dzulo lake. Mlamu wake Katerina, amene ankapita naye limodzi, anaona kuti akunyamuka chimanjamanja.

"Alamu, chitenje cha mwana chili kuti?"

"Cha chiyani? Luka ndi wamkulu, amayenda yekha."

"Kumunda amayenda, inde. Koma uko kuli chinamtindi cha anthu, dzuwanso ndi ili. Ponyani kamodzi m'chikwama, sikaluma."

"Ndikwinye diresi yanga chifukwa cha bambo wamkulu ngati uyu? Ayi ndithu."

Katerina anangoti, "Chabwino, make mwana ndinu."

M'mawa wonse zinayenda bwino. Luka ankalumphalumpha, kuloza ng'oma, kufunsa ichi ndi icho. Pofika masana anayamba kukoka diresi ya amake.

"Amayi, ndiberekeni."

"Iwe, anzako akuseka. Taima bwino."

Anapemphanso kachiwiri, amake anamugulira nthochi kuti akhale chete.

Kenaka gule anatulukira mbali imene anthu sankayembekezera. Fumbi linangoti kobo, amayi ndi ana anabalalika. Anjelina anathawa nawo uku akuseka. Ataima, Luka panalibe.

Anaitana, anaitananso, koma ng'oma zinameza mawu ake. Anathamangira kwa mkulu amene ankalengeza pa chimkuzamawu.

"Mwanayo ndi wotani, mayi?" anafunsa mkuluyo.

"Ndi mnyamata wamkulu ndithu, amayenda yekha, wothamanga kwambiri. Wavala kabudula wa khaki."

Mkuluyo analengeza momwemo. Kabudula wa khakiyo sanathandize kanthu, poti theka la ana pabwalopo linavala wotero. Anthu anangogwira mawu akuti wothamanga, n'kuganiza kuti ndiye wafika kale patali. Ena analunjika kumsewu, ena anatsetserekera kumtsinje. Anjelina atamva za mtsinje anagwidwa ndi mantha amene sanawamvepo chibadwire. Anadutsa katatu pamzere wa amayi ogulitsa malonda, maso ali pansi, kufunafuna timiyendo ta mwana wake pakati pa miyendo ya anthu.

Panatha maola awiri. Amene anapita kumtsinje anabwerako akupukusa mitu.

Apo m'pamene Katerina anati, "Alamu, tikulakwitsa. Mwana uja anatopa. Mwana wotopa sathamanga, amagona. Tisiye kuyang'ana pansi."

Anayamba kuyenda kumbuyo kwa amayi obereka ana, kusuzumira msana ndi msana. "Pepani mayi, tione nawo nkhope." Ena anadabwa, ena anaseka. Atafika pa mayi wina wokazinga mandasi anaima. Mayiyo anabereka mwana, mutu wofunditsidwa mpango chifukwa cha dzuwa, koma miyendo inkalendewera mpaka m'ntchafu za mayiyo, mapazi ali mbuu ndi fumbi.

Katerina anavundukula mpangowo. Anali Luka, ali mtulo, kukamwa kuli yasa.

Mayiyo anali Rahema wa ku Mtakataka. Anafotokoza kuti anthu atabalalika anapeza kamwana katadzipinda pansi pa tebulo lake, katagona kale. Anakafunsa dzina, osayankha. Poopa kuti anthu akaponda, komanso poti mafuta anali pamoto, anatulutsa chitenje chapadera m'dengu n'kukabereka.

"Ndinati make akamabwera adzayamba kuyang'ana m'misana, monga timachitira tonse," anatero.

Anjelina, misozi ili mbwembwembwe, anafunsa, "Nanga chimkuzamawu chija simunachimve, mayi?"

"Ndinachimva. Ndinawamveranso chisoni makolo akewo. Koma paja amati wasowa ndi mnyamata wamkulu, wothamanga. Uyu ndi khanda, mayi. Taonani, wandinyowetsa msana wonse."

Amayi onse a pamzerepo anafa nalo phwete. Anjelina yekha sanaseke. Anagwada pafumbi pomwepo, n'kulandira mwana wake ndi manja awiri. Katatu konse anali atamudutsa pamtunda woti akanatha kumukhudza.

Phunziro: Mwana sakula chifukwa chakuti make walengeza kuti wakula. Kuyenda kumunda n'kwina, kutha tsiku lonse padzuwa pakati pa anthu osawadziwa n'kwinanso. Zaka zenizeni zotsikira kumsana ine sindinazipezebe, ndipo amene ndawafunsa aliyense akunena zake. Koma ngati mwana akadali wonena kuti "ndiberekeni", ndiye kuti nthawiyo sinakwane. Tengani chitenje, kaya chikuku kwa amene muli nacho, ngakhale mukabwere nacho chosagwiritsa ntchito. Si tsiku lililonse pamapezeka mayi ngati Rahema. Musaisunge nokha nkhaniyi, atumizireni anzanu onse amene ali ndi ana aang'ono.