Yambani Inuyo, Mayi a Rute

"Makina amenewo amaphika mapapo," anatero a Levison, atakakamira benchi la pachipatala cha pa Dedza Boma.

"Aphikanso chiyani? Zaka zonsezi mwakhala mukuwawamba nokha ndi chingambwe," anayankha akazi awo, a Victoria.

Mayiwa anachita kuwakoka kuchokera ku Bembeke chifukwa cha chifuwa chosatha. Dokotala anati ajambulidwe pachifuwa, poti khansa ya m'mapapo ikapezeka msanga imatha kuchizika. Koma bamboyo ankanjenjemera ngati wagona panja mu Juni.

"Yambani inuyo, mayi a Rute. Mukatuluka amoyo, ndilowa."

A Victoria anaseka. Nawonso ankatsokomola m'mawa uliwonse, koma ankati ndi utsi wa kukhitchini basi. Anauza dokotala zimenezo, n'kulowa, pongofuna kuchititsa manyazi amuna awo. A Levison anatsatira, atachita chizindikiro cha mtanda kawiri.

Dokotala anayang'anitsitsa zithunzi ziwirizo.

"Bambo, kwa inu sindikuona chotupa, koma fodyayo musiye. Mayi, inu muli ndi kadontho apa. Kadakali kakang'ono. Mupite ku Lilongwe akapime bwinobwino. Mwabwera nthawi yabwino."

Anakwera minibasi yobwerera kwawo. Kenaka a Levison anatulutsa kathumba ka fodya, n'kukaponya pawindo, n'kugwira dzanja la akazi awo anthu onse akuona.

"Lamulungu mukawauze anzanu kumphakati," anatero, "kuti chakupulumutsani ndi mantha anga."