Velimir Amva BASIC ndi Khutu

Velimir anali chogwada kuseri kwa TV ya a Svetozar, akulumikiza mawaya, thukuta lili kamukamu. Kanali koyamba kulowa m'nyumba ya makolo a chibwenzi chake Zagorka mumzinda wa Novi Sad, ndipo mkuluyo, bambo a mtsikanayo, anali atanena kale poyera kuti mwana wake sangakwatiwe ndi munthu wocheza ndi makina.

N'chifukwa chake Velimir anabwera ndi makinawo. Kanali kakompyuta komwe anapanga yekha m'nyengo yozizira ya 1984, potsatira chithunzi cha m'magazini. Pokhala wachibwibwi akachita mantha, analemba pulogalamu yoti imulankhulire. Ikangolowa, mawu opempha kukwatira Zagorka akanaoneka pa TV m'zilembo zikuluzikulu.

"Ika kaseti iyi mu wailesi," anauza Zagorka, mutu uli kuseri kwa TV.

Nthawi yomweyo mayi anakuwa kukhitchini kuti khofi akusefukira, Zagorka n'kuthamanga.

A Svetozar anakhala pampando wawo, manja pamimba, ngati woweruza.

"Ndiye kabokosi kakoka kamalankhula chilankhulo chathu cha Chisebiya?"

"Ayi bambo, kamamva BASIC."

"Ndi mtundu wa anthu akuti umenewo?"

Apa chibwibwi chinathawa. Velimir anafotokoza kuti chilankhulochi anachiyambitsa aphunzitsi a pakoleji ina ku America zaka makumi awiri zapitazo, pofuna kuti ngakhale wophunzira wosadziwa masamu azitha kulamula kompyuta. Pa nthawiyo kompyuta inkadzaza chipinda. Kenako anthu anachipanikiza mpaka chinakwana m'timakina ta patebulo. Umalemba mzere, kuupatsa nambala, makina n'kumvera. Ukatha, umasunga pa kaseti wamba.

"Ndipo pa kasetiyo chimamveka, bambo. Chimalira."

Anadzuka, naona kaseti ili m'malo mwake, nakweza mawu, n'kudina batani.

Phokoso linatuluka lobaya m'mano. Linakwera, linatsetsereka, linakukuta ngati chitseko cha dzimbiri. Mphaka anathawira pakhonde. Pa TV panalibe kanthu, koma Velimir sanatekeseke. Makaseti amavuta, aliyense amadziwa. Anatsinzina, napendeka mutu.

"Mukumva? Apa ndi poyambira. Apa pabwerezanso."

"Pabwerezadi," anatero a Svetozar motsitsa mawu. Anali atachotsa manja pamimba.

Velimir anabweza kaseti, nayambanso. TV inangoti zii. Koma atasuzumira mkulu uja, mtima unamugunda ndi chimwemwe. A Svetozar anali atasendera kutsogolo, kukamwa kuli yasa.

"Iwe, zimenezi zikukukomera?"

"Bambo, anthu amati ndi phokoso. Kwa ine ndi nyimbo. Ndikhoza kumvera tsiku lonse."

"Osanama?"

"Muli dongosolo m'menemu. Chilichonse chili pamalo pake. Wongodutsa sangamve, zimafuna khutu."

A Svetozar anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Velimir anadziwa kuti wapambana. Munthu amene ankanyoza makina uja tsopano akulira chifukwa cha BASIC, pulogalamu isanalowe n'komwe! Anabwezanso kaseti kachitatu, ndipo ulendo uno anayamba kugwedeza chala m'mwamba motsatira kulirako.

Zagorka analowa ndi khofi, naima pakhomo, nkhope itakwinyika ngati waluma ndimu. Anatsegula pakamwa, koma bambo ake anamuletsa ndi dzanja.

"Usasokoneze. Siya khofiyo, katenge mowa wa rakija uja ndinabisira tsiku la ukwati wako."

"Ababa?"

Mkuluyo anadzuka, nakumbatira Velimir mpaka nthiti kulira.

"Umutenge, mwana wanga, umutenge ndithu. Kaseti yako Zagorka anapita nayo kukhitchini. Iyi ndi yanga, ndinadzijambula dzulo. Chiyambire kuphunzira vayolini, ndiwe munthu woyamba kundimvera mpaka kumapeto."