Manja a Mlamu ndi Kalendala ya Pakhoma

Panali munthu wina, mayi wa ana amapasa, amene anthu ankangomutchula kuti Make Mapasa. Ankachapa ndi kusita nsalu pa hotela ina, sabata ino m'mawa, sabata yamawa masana, moti sukulu yokhala pa benchi sakanaikwanitsa. Ndiye analembetsa maphunziro a utelala a pa foni. Eee, pa foni! Yomweyo mukuikandayo kusakasaka miseche, anzanu akuphunzirapo ntchito.

Mphunzitsi wake anali mayi wodekha, ophunzira ankangoti Madamu. Madamuwo ankadzijambula vidiyo akudula nsalu n'kuponya pa gulu, aliyense aonere nthawi yake, wina ali m'basi, wina akuyamwitsa. Mayeso nawo chimodzimodzi: usoke kwanu, ujambule, utumize Lachisanu lisanathe.

"Tumizani zomwe manja anu apanga," ankatero Madamu. "Zikhote, zikwinyike, tumizani basi. Ndikufuna ndione pomwe mukulakwitsa. Mayeso aliwonse mutha kuyesa katatu."

Make Mapasa anakhoza siketi, anakhoza zipi, mpaka Madamu kumutama pa gulu. Koma kolala ya shati, mayo ine! Akasoka, nsonga ina inkaloza kumwamba, ina kugwa ngati khutu la galu wodwala. Ndipo mayeso omaliza anali kolala yomweyo. Ku hotela kuja anali atamuuza kuti akabweretsa satifiketi mwezi usanathe, amuchotsa kochapa n'kumuika pa makina osokera mayunifomu. Sopo wosupula manja uja akanatsanzikana naye.

Anapita kwa mlamu wake wamkazi, telala wa zaka zambiri.

"Alamu, ndipulumutseni. Musoke ndinu, ine ndijambule manja okha."

"Nanga Madamu anuwo sakatulukira?"

"Atulukira bwanji? Manja ali ndi nkhope?"

"Bwanji osangotumiza yokhotayo? Si paja munati amalola katatu?"

"Ine amene amanditama pa gulu ndikatumize khutu la galu? Ayi, alamu, ndine munthu wamkulu."

Mlamuyo anakana, anakana, kenako anagonja. Make Mapasa anamutengera kunyumba kwake, anamuveka bulauzi yake yobiriwira, anamuveka ndi mphete yake yomwe, n'kumukhazika pa makina m'chipinda chochezera. Kolala inatuluka yoima njo! Anatumiza vidiyo ija uku akuvina.

Loweruka foni inalira. Madamu, pa vidiyo, magalasi ali pamphuno.

"Make Mapasa, kolala ija ndi yokongola kwabasi."

"Zikomo, Madamu."

"Kungoti ndifunseko. Munayamba liti kudula ndi dzanja lamanzere? Mavidiyo anu onse a m'mbuyomu, sizasi mumagwirira kumanja."

Mphete anaikumbukira, bulauzi anaikumbukira, koma zoti mlamu wake ndi wamanzere chibadwire, zimenezo zinamutuluka m'mutu. Komabe mayiyu lilime linali lakuthwa, ngati ena ndikuwadziwa ine akuwerenga pano.

"Ndi foni imeneyo, Madamu. Kamera yake imatembenuza zinthu ngati galasi loyang'anira."

"Zoona, mafoni ena amatero," anayankha Madamu, osakweza mawu n'komwe. "Koma yanuyo ndiye yochenjera. Yatembenuza manja okha, kalendala ya pakhoma n'kuisiya. Ndikuiwerenga bwinobwino kuno: Ogulitsa penti ndi misomali."



Make Mapasa anayang'ana kalendala ija, anayang'ana manja ake osupuka, misozi n'kuyamba. "Ndalakwa, Madamu. Ndichotseni basi."

"Ndikakuchotsani, kolala muidziwa? Vidiyo iyi sindiiwerengera, ndipo mwayi umodzi mwataya. Kwatsala kawiri. Mawa mukuweruka nthawi yanji?"

"Masana, Madamu."

"Mukafika kunyumba mutsamiritse foni pa chitini cha mabatani. Ndikufuna ndikuonereni mukusoka, nkhope ndi manja omwe."

Mawa lake anachitadi zomwezo. Atangoyamba, mapasa anayambana kulimbirana kapu.

"Pitani mukawaleretse," anatero Madamu. "Mayeso sathawa."

Anabwerera, anayala nsalu, anadula nsonga imodzi, n'kutembenukira inayo.

"Imani pomwepo! Ndaliona vuto. Mukudula mbali iliyonse payokha. Pindani nsalu pakati, mudule kamodzi, nsonga zonse zifanana."

Basi! Chinthu chomwe chinamusowetsa mtendere miyezi iwiri, mpaka kukabwereka manja a eni, chinatha ngati kumeza malovu. Akanatumiza khutu la galu lija tsiku loyamba, bwenzi atauzidwa kalekale.

Ulendo umenewo sanakhoze, paja anachita kuuzidwa. Kunatsala kamodzi, mwezi nawo unatsala ndi masiku anayi. Anasoka makolala asanu ndi awiri pa zidutswa za nsalu zotha, wachisanu ndi chitatu n'kujambula yekha, nkhope poyera, sizasi kumanja. Yankho linabwera la mawu ochepa: "Awa ndiye manja anu. Mwakhoza."

Lero Make Mapasa ali pa makina ku hotela kuja. Pamwamba pa makinawo anakhomapo kalendala ija, ya chaka chomwe chinatha kale. Anzake akamuseka kuti, "Amayi, kalendala yatsopano ikusowa?" iye amangoti, "Isiyeni iyo. Ndi mboni, sidziwa kunama."

Phunziro: Mphunzitsi wabwino akati muonetseni pomwe mukulakwitsa, muonetseni, ngakhale ali kutali pa foni. Zokhota zanu atha kuziwongola, koma zokongola zobwereka alibe nazo chochita. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu a pa gulu, makamaka uja mayeso ake amamulembera mwamuna wake. Mukumudziwa. Ngati simukumudziwa, ndiye kuti ndinu.