Mpando wa Pakati

Mtsikana wina ndi bambo ake anafika mochedwa chifukwa bambowo anaima pamasitepe a holo yakaleyo n'kumasisita chitseko chachikulu chathabwa.

"Ichi tinachipachika anthu anayi," anatero.

Mwana wawo wamkaziyo anawakoka dzanja kuti afulumire.

Atangolowa, wanthabwala amene anali pasiteji anasiya nkhani yake n'kuwaloza. Nyali inawaunika onse awiri.

"Taonani, holoyi yaitana mnzake wobadwa naye chaka chimodzi. Achemwali, madala a jekete yofika m'mawondowa ndi anu?"

Anthu anafa nalo phwete. Mumzere wakutsogolo munali anzake a mtsikanayo a kuofesi, onse atatembenuka.

"Ayi," anayankha mokweza, n'kutaya dzanja lija. "Tangokumana pakhomo."

Phwete linakula. Bambo ake nawonso anaseka, anavula chipewa n'kuwerama ngati ali nawo m'sewerolo.

Atafika pamalo awo, mpando wa mtsikanayo unagwedera atangoukhudza. Bambowo anagwada mumdimamo, anapapasa pansi, anapinda tikiti yawo kanayi n'kuilowetsa pamene panamasuka msomali. Anauyesa mpandowo ndi chikhatho, monga ankachitira pa zaka makumi atatu zimene anali kalipentala wa holoyi.

"Khalani tsopano, mayi, simugwa," ananong'ona.

Kenako anadumpha mpando umodzi n'kukakhala pa wachiwiri, chipewa chili pamawondo, nkhope ili kutsogolo.

Wanthabwala anapitiriza, holo yonse ikugwedezeka ndi kuseka. Mtsikanayo sanamvepo nthabwala ndi imodzi yomwe. Maso ake anali pampando wopanda munthu uja.