Anakhulupirira Ataona Chikhakha

Panali munthu wina kufupi ndi Muloza, dzina lake Moffat. Amene anandiuza nkhaniyi anaona ndi maso, ndipo ine ikundipsetsa mtima mpaka pano. Moffat anali wakabaza, ankanyamula matumba a chimanga panjinga kuchokera ku Milange. Ankakhala chikamwini kwa mkazi wake Cecilia, ndi ana awo awiri. Mwini mbumba pamudzipo anali mchimwene wake wa Cecilia, a Anthony, munthu wa pakamwa ngati lumo.

Chaka china Moffat anayamba kumva kuphwanya thupi lonse. Khosi, mapewa, msana, m'chiuno, ponseponse. Tulo ankagona, koma n'kudzuka wotopa ngati akuchokera kolima. Mwana akangomugwira paphewa ankalumpha ndi ululu. Kukagwa chiperoni ndiye basi, ngakhale kuvala malaya inali ntchito. Anayambanso kuiwalaiwala. Munthu amutume ku Limbuli, iye n'kuima pamsewu kumadzifunsa kuti paja ndikupita kuti.

Kuchipatala anamuyeza malungo, palibe. Shuga, palibe. Kachilombo, palibe. Anamujambula msana, mafupa ali bwinobwino. Atazunzika kupitirira chaka anamutumiza ku Blantyre, kumene dokotala wina anamumvetsera bwino.

"Bambo, simukunama ayi," anatero dokotalayo. "Matendawa dzina lake ndi fibromyalgia. M'magazi saoneka, koma ululu wake ndi weniweni. Amuna nawonso amadwala, kungoti ambiri amabisa. Muzimwa mankhwalawa, muziyendako pang'onopang'ono tsiku lililonse, muzipuma. Koma matumba aja siyani kaye."

Atabwerera kumudzi, Cecilia anafotokozera achimwene ake zonse. A Anthony anaseka mpaka kutsokomola.

"Faibulo chani? Matenda opanda bala, opanda kutentha thupi? Ine ndathyola tiyi zaka makumi awiri mvula ili pamsana, unandimvapo ndikulira? Umenewu ndi ulesi, angoupatsa dzina lachizungu. Nanga pambale bwanji sadwala?"

"Achimwene, adokotala alemba m'bukumu, tawerengani."

"Chotsa apa! Bukulo lidyetsa ana? Mkamwini amabwera kudzagwira ntchito, osati kudzaothera dzuwa pakhonde la eni ake."

Mudzi wonse unatengera pomwepo. Pamjigo amayi ankati Cecilia akuweta mwamuna ngati nkhuku. Anzake apasiteji anamupatsa dzina loti Abiti Moffat, akamadutsa n'kumamufunsa kuti chitenje waiwala kuti. Anthu omwewo amene ankawakweza ulele ali bwino! Zamanyazi zenizeni. Moffat anasiya kudandaula. Ukamufunsa ankangoti ndili bwino, mano ataluma.

Tsiku lina a Anthony anaitanitsa ankhoswe, n'kumukhazika Moffat pansi anthu akuona.

"Alamu, ndakupirirani mokwana. Ndikukupatsani sabata imodzi. Mukapanda kukwera njinga ija, nyamulani kachikwama kanu, njira ya kwanu mukuidziwa. Ana atsala, ndi mbumba yanga imeneyi."

Kwawo kwa Moffat kunali kutali, mkati mwa Mozambique. Ankadziwa kuti akangochoka, ana ake adzakula osamudziwa. Lolemba m'mawa, kunja kuli chifunga, anatulutsa njinga n'kuyamba kupopa.

"Bambo a Pemphero, chonde musapite," anatero Cecilia atagwira chishalo. "Mwaiwala zimene ananena adokotala?"

"Adokotala ali ku Blantyre, achimwene ako ali pano. Ndikakhala andithamangitsa. Ana anga ndizikawaonera kuti?"

Anapita. Pofuna kutseka anthu pakamwa anakweza matumba atatu, osati awiri amene ankanyamula ali wamphamvu. Pobwerera, pamtsetse wina, manja anachita dzanzi n'kukana kugwira buleki. Njinga inathamanga naye mpaka m'ngalande, matumba onse n'kumugwera. Mwendo unathyoka pawiri, fupa kuonekera kunja.

Ndiye mubwere mudzaone chikondi kuchipatala! Mudzi wonse unakhamukira kumeneko. Wina nthochi, wina chinanazi, wina phala m'fulasiki. Aja ankamutcha Abiti anafika maso ali pansi. Patsogolo pa onse panali a Anthony. Anaima pambali pa bedi, n'kusisita chikhakha chimene anamuika kumwendo, akupukusa mutu.

"Pepani alamu. Apa ndiye mwadwaladi. Zochoka zija iwalani, mudzi uja ndi wanu."

Mwamva? "Apa ndiye mwadwaladi." Munthu wopanda manyazi!

Moffat anawayankha motsitsa mawu, koma wodi yonse inamva.

"Alamu, mwendowu ukuwawa, sindikana. Koma sukufika pa ululu umene ndakhala nawo zaka ziwiri zonsezi, muja munkandiseka muja. Ndiye mpaka ndithyoke kuti mundilole kukhala ndi ana anga?"

A Anthony anangotuluka, chinanazi chimene anabweretsa chikadali m'manja.

Lero Moffat akadali pamudzi pomwepo, ndipo palibe amamunena. Amayenda ndi ndodo, njinga sadzakweranso. Ululu wakale uja sunachoke, wangoonjezekera wa mwendo.

Phunziro: Si matenda onse amene amatuluka magazi. Mwamuna akakuuzani kuti thupi lonse likumuwawa, akutopa osagwira ntchito, akuiwalaiwala, musathamangire kumutcha waulesi kapena kumuyesa mkazi. Muperekezeni kuchipatala, ndipo zimene anena adokotala muzimve. Inunso abambo, musadziphe pofuna kusangalatsa anthu amene sadzakusenzerani ululu wanu. Ndipo inu eni mbumba, mkamwini ndi mwana wa munthu, si ng'ombe yapangolo. Tumizani uthengawu m'magulu anu onse, makamaka kwa uja mukumudziwa kuti pakamwa pake ndi ngati pa a Anthony.