Nyerere M'kabokosi ka Mankhwala

"Musatsegule," anatero mayi wosakaniza mankhwala pachipatala, ali kuseri kwa galasi.

Mnzake wa kunja anachotsa dzanja pachitseko. Pakhoma pakati pawo panali kabokosi ka zitseko ziwiri kodutsitsiramo mankhwala, ndipo m'katimo, pathumba la diripi ya makanda, nyerere imayenda mosatekeseka. Zitseko zonse zinali zotseka. Nanga yalowera pati, pamalo poti ngakhale fumbi salilola?

Mayi uja anakumbukira matumba amene anatuluka m'mawa. Nthawi imeneyi anali akudonthera kale m'mitsempha ya ana.

"Thamangirani ku wodi, mukawauze atseke madiripi onse," anatero.

Mmisiri atafika, anadina ndi chala labala wa m'mphepete mwa chitseko. Labalayo sanabwerere, anangong'aluka, tizidutswa n'kumayoyoka.

"Labala akauma n'kuyamba ming'alu mumasinthiratu, simudikira nyerere," anatero mmisiriyo. "Komatu uyu ndinamuika ndine chaka chomwechino. Chamudya n'chiyani? Kapena alipo amene amamukwecha ndi mankhwala ophera majeremusi osasungunula?"

M'mawa uliwonse mayi uja ankakwecha labalayo mpaka kuwala, mankhwala ake osathirako ngakhale dontho la madzi, poopa kupha mwana wa eni.

Bwana wawo analowa ali wefuwefu, funsolo osalimva.

"Zatheka bwanji zimenezi?" anatero. "Kabokosi aka amatsuka ndi mayi awa, ndipo pano palibe waukhondo kuposa iwowa."