Pomanga Tenti Pamsewu wa ku Neno

Injini inawira pachitunda china kufupi ndi Matandani, dzuwa litapendeka. Prisca sanadandaule n'komwe. Galimoto inali yake, tenti yake, ulendonso anaukonza yekha ataona pafoni anthu akunja akugona m'mapiri. Kwa bwenzi lake Jeffrey ankadikirako chinthu chimodzi basi: mphete. Zaka ziwiri pachibwenzi si masewera, ndipo azakhali ake ku Chilomoni anali atayamba kale kufunsa ngati mwamunayo ndi wokwatira kapena wongomutayitsa nthawi.

Koma abale inu, kusankha kwake Jeffrey! Chichokereni pa Zalewa malo onse ankangowakana. Patsinde pa mlambe, m'chigwa chouma momwe mbuzi zinkadya makatoni, akuti fumbi. Ku Lisungwi m'mphepete mwa mtsinje, akuti udzudzu, anthunso achuluka. Ngakhale kutsika kukagula madzi anakana, anangotsitsira chipewa kumaso, magalasi akuda ali pamphuno ngati woimba wotchuka. Prisca mumtima ankangosekerera. Mwamuna wokana malo chonchi ndiye kuti akufuna pokongola pogwadira, eti? Iye anali atapaka kale zikhadabo kuti chala chidzaoneke bwino pachithunzi.

Tsono apa galimoto inawasankhira yokha. Kumunsi kwa msewu kunali munda wokolola kale, mtengo wa mango pakati, mapiri atandandalika kutsogolo. Pambali pake panali kanyumba kaudzu, mayi wina akutonola chimanga pakhonde.

"Pano ndiye pano," anatero Prisca.

"Ayi, tiikankhe tipite patsogolo pang'ono," anayankha Jeffrey, mawu ali pansipansi. "Anthu akumudzi ndi ovuta."

"Kukankha pachitunda chimenechi? Mwatani kodi inu lero?"

Jeffrey anatsegula buti ya galimoto n'kulowetsamo mutu mpaka mapewa, ati akufuna zikhomo za tenti. Prisca anamwetulira. Mphete ili m'buti momwemo, palibenso kwina! Kuti amupatse mpata munthu wamanyaziyo, anatsetsereka yekha kukapempha malo, nsapato zake zazitali zikumira m'mizere.

"Odi kuno! Muli bwanji, mayi?"

"Tili bwino, kaya inu alendo?"

"Tili bwino. Tachokera ku Blantyre. Timapempha timange tenti m'munda mwanumu, mawa m'mawa tinyamuka. Sitisiya zinyalala." Chimwemwe chinamusefukira, pakamwa panalephera kutseka. "Lero ndi tsiku langa lalikulu, mayi. Bwenzi langa lija likufuna kundiveka mphete, ndiye likuchita manyazi, amuna mukuwadziwa."

"Ee, ndikuwadziwa," anatero mayiyo.

Anaika lichero pansi. Anayang'ana kumsewu nthawi yaitali, maso ali pa miyendo iwiri yamatewe yotulukira m'butimo. Prisca anaona ngati ndi kusirira, ndipo anawamvera chisoni amayi akumudzi, amene mwina mphete sanaionepo chibadwire. Mayiyo anaimirira, n'kudzikuntha chitenje, osakwiya, osaseka.

"Mangani, achemwali, malo ndi ambiri. Koma tentiyo mugonamo nokha. Awo mphasa yawo ilipo m'nyumbamu."

Prisca asanafunse n'komwe, mayiyo anaika manja kukamwa n'kukuwa, mudzi wonse kumva:

"Abambo a Tadala! Zaka zitatu kukagula feteleza ku Blantyre? Tsitsani matumbawo tiwaone!"